Kadeti wa Nyanga Ziwiri

Asilikali akamabwereka chinthu amabwera pa galimoto, koma likafika tsiku lobweza amabwera pa njinga, chimanjamanja. Umu ndi mmene Leftenanti Obed Nkole anafikira pakhomo pa bana Mainess, ndiko kuti amake a Mainess, ku komboni ya George Lachinayi lina, ndipo mayiwo, amene ankasankha nyemba za ukwati pakhonde, anayamba ayang'ana njinga asanayang'ane munthu.

Nkhani yake inali iyi. Boma linatsegula sukulu yophunzitsa asilikali kugula katundu wa gulu lankhondo: nsapato, mabulangete, matayala, chimanga. Chipani chinalamula kuti m'bungwe loyang'anira sukuluyo mukhale mayi mmodzi wa m'komboni, ndipo chala chinaloza bana Mainess, chifukwa pa msika wa Matero panalibe munthu amene anawagulitsapo kanthu pa mtengo woyamba. Ku msonkhano anapitako kamodzi kokha. Anamwa tiyi wopanda shuga, anamva Chingerezi mpaka mutu kuwawa, ndipo potuluka mkulu wa sukulu anawabwereka tonde wawo, akuti ophunzira aonerepo mmene amapimira chiweto asanachigule. Masiku awiri okha, anatero. Imeneyo inali nthawi ya mvula. Tsopano kunali mphepo ya Juni, mwana wawo Mainess akukwatiwa Loweruka, asebele awo a ku Kabanana, makolo a mkwati, anali atauzidwa kale kuti kudzakhala mbuzi, ndipo m'mabutchala munatsala ngowe ndi ntchentche basi. M'khola munali imodzi yokha, yaikazi, ya bere, yosati n'kupha.

"Ili kuti?" anatero bana Mainess.

"Muli bwanji, amayi?"

"Nizakhala bwino nikaona mbuzi yanga. Pa njinga apo naona chabe pampu."

Leftenanti anaimika njinga, anagunditsa zidendene, napereka saluti. Anali mnyamata woonda, wa khosi lalitali, ndipo Chinyanja chake chinali chija cha pa wailesi, chochapa ndi chosita.

"Ndatumidwa ndi bungwe loyang'anira sukulu, limene inu ndinu membala wake, ine mlembi wake. Msonkhano uliko Lolemba."

"Ukwati uliko Loweruka. Mbuzi."

"Sukulu yathu ilibe mbuzi, amayi."

"Mwaidya."

"Sitinadye."

"Mwaigulisa."

"Ife timaphunzitsa kugula. Kugulitsa ndi sukulu ina."

"Manje ili kuti?"

"Ngati mukufunsa za Kadeti T. Mukupa, ali bwino. M'mawa uno anali pa perete."

Bana Mainess anatula lichero pansi. Mukupa linali dzina la malemu amuna awo.

"Ba Mukupa tinabaika ku Chunga, nthaka ninaponya neka na dzanja ili. Uyo T ni ndani?"

"Tonde, amayi."

"Kambani bwino."

"Tsiku limene anafika, tinaona kuti afunika kudya. Wosunga sitolo anakana. Lamulo likuti chakudya cha boma chimapita kwa amene dzina lake lili m'kaundula. Makaundula tili nawo awiri, wa aphunzitsi ndi wa ophunzira. Uphunzitsi umafuna satifiketi."

"Ndiye munailemba sukulu."

"Tinasankha njira yotsika mtengo. Pamalo pa kholo tinalemba inu."

"Ine nabala bana basanu, ba Leftenanti, bonse bali na miyendo ibiri. Ine sindine make wa mbuzi."

"Pepala likutero, amayi."

"Pepala sinali pamenepo pobala. Fafanizani dzina, mangani chingwe, mubwerese. Nchito ya kamwana."

"Wophunzira safafanizidwa. Amachotsedwa ndi bungwe, akapezeka ndi mlandu umodzi mwa inayi: kujomba, kuledzera, kuba kapena kulephera mayeso."

"Yajomba."

"Sanajombepo. Amagona pa bwalo la perete pomwepo. Ena akamafika amamupeza."

"Kuba. Iyo ni kawalala, niiziba. Inadyapo malaya ya ba busa pa chingwe."

"Anadya maluwa a mkulu wa sukulu. Tinafufuza. Maluwawo sanalembedwe ngati katundu wa boma, choncho palibe chimene chinabedwa."

"Ndiye yalephera mayeso. Apo pokha musaniname."



"Mayeso oyamba tinaika matumba awiri a chimanga, lina labwino, lina lofumbwa m'kati. Ophunzira ambiri anasankha lofumbwa chifukwa linali lotchipa. Kadeti Mukupa analunjika pa labwino."

"Ni mbuzi, imwe. Inali na njala."

"Pepala la malikisi lilibe malo olembapo chifukwa."

"Nanga volemba? Pensulo inagwira na chani, na mchira?"

"Pepala lake analidya, pamodzi ndi la mnzake woyandikana naye. Lamulo likuti pepala likasowa lili m'kati mwa sukulu, wophunzira asalangidwe. Linali m'kati mwa sukulu, amayi. Kadeti sanatuluke pa geti tsiku limenelo."

"Na mnzakeyo?"

"Nayenso anakhoza. Tsopano ambiri amalimbirana kukhala pafupi naye."

Bana Mainess anatseka maso pang'ono, ngati munthu amene akumva dzino.

"Kenaka pali mayeso a chiphuphu," anapitiriza Leftenanti. "Timaveka sajeni jekete ngati wamalonda, envelopu m'thumba. Theka la kalasi linalandira envelopu. Ena anafunsa ngati ilipo ina. Kadeti Mukupa anamugunda sajeniyo kumbuyo, mpaka lero amakhala cham'mbali. Ndiye woyamba m'kalasi, amayi."

Mayiwo anamva kanthu kakuwatekenya mumtima, konga kunyada, koma anakaponda msanga. Kunyada sikuthiridwa mchere.

"Chabwino. Lembani kuti yafa."

"Sanafe."

"Izafa Loweruka. Mwalemba chabe mwamsanga."

"Wophunzira akamwalira amaikidwa mwachisilikali. Bokosi, mbendera, mfuti kumanda. Inu mudzakhala kutsogolo, adzakupatsani chipewa chake."

"Na nyama?"

"Ikhala m'bokosi."

"Malasha nagula kale, anyezi nagula kale, imwe mufuna kuika ndiwo mu manda na mbendera pamwamba."

"Ndi ulemu wake, amayi."

"Bana ba sukulu bamayenda ku holide."

"Osati sabata ino, amayi."

"Bamadwala."

"Dokotala anamupima mwezi watha. Akuti m'sukulu monse ndi yekhayo amene sasuta."

"Siyani geti yosegula. Njira ya kuno iiziba, izabwera yeka."

"Kumeneko ndi kuthawa usilikali. Apolisi a asilikali amayambira kunyumba kwa kholo. Akhoza kufika Loweruka nthawi ya chakudya, n'kunyamula mapoto ngati umboni."

Bana Mainess anaona m'maganizo mwawo asebele a ku Kabanana atasamba m'manja, mbale zili pamiyendo, mapoto akukwezedwa pa galimoto ya asilikali. Mayi ake a mkwati anali ndi kamwa loti likanyamula nkhani m'mawa, pofika masana ili ku Chawama.

"Imwe si ndimwe bogula? Nigulireni ina. Iyo ya maphunziro khalani nayo."

"Zitheka. Tifunika mitengo ya ogulitsa atatu, komiti ikhale, isankhe wotchipa. Pofika mvula mbuziyo idzakhala itafika pa sukulu." Anaima kaye. "Koma ikafika idzafunika kudya."

"Ndiye muzailemba."

"Lamulo ndi lomwelo, amayi."

"Iwe Obed." Ulemu unali utatha. "Ine nili mu bungwe. Banthu ba Chipani bananiika kuti nizilamula sukulu ija. Nalamula. Mbuzi ibwere."

"Membala mmodzi salamula, bungwe liyenera kukwana. Ndipo nkhani ya mwana wanu ikafika, inu muyenera kutuluka panja."

"Si mwana wanga."

"Pepala..."

"Ukanenanso pepala, uzadya nyemba izi zosaphika."

Leftenanti anavula chipewa. Kunali mphepo, koma pamphumi pake panali thukuta. Anayang'ana kumpanda wa malata, anayang'ana nsapato zake, natsitsa mawu.

"Amayi, sabata yamawa ndi mwambo womaliza maphunziro. Kukubwera akuluakulu a ku unduna. Woyamba m'kalasi amaitanidwa kutsogolo, amamuika nyenyezi paphewa, amamupatsa lupanga, kenaka amalankhula m'malo mwa anzake."

"Kulankhula iziba. Sitimagona nayo ikaona yaikazi."

"Amene analemba dzina lake m'kaundula ndine. Mkulu wa sukulu wandiuza kuti tsikulo likangomveka *mee* pa chimkuzamawu, ine ndipita kukawerenga masokosi kumalire, kumene basi imafika ikakumbuka."

"Kanshi na imwe mufuna ichoke."

"Lamulo silindilola kufuna."

"Manje mwabwerera chani?"

"Kudzakuitanani ku msonkhano." Anapukuta pamphumi. "Tafufuza milandu yonse inayi, palibe. Koma alipo munthu mmodzi amene angamutulutse tsiku lomwelo, popanda msonkhano. Sindingamutchule. Wantchito wa sukulu saloledwa kuuza kholo chochita ndi mwana wake."

Anawayang'ana. Anayang'ana kumwamba. Anawayang'ananso, maso ali tong'o.

"Maso yakuwawani?"

"Ayi, amayi. Ndangoti *kholo*."

Bana Mainess sanaphunzire sukulu, koma wogulitsa akafuna kutsitsa mtengo n'kumachita manyazi, ankamudziwa.

"Mufuna kukamba kuti nikanena kuti ni mwana wanga, nimutenga."

"Ine sindinanene kanthu."

"Nthawi yonse iyi mwaimirira apa monga mtengo wa malaiti, osakamba?"

"Inu mumafunsa za mbuzi, amayi. Za mwana simunafunse."

Mayiwo anasuzumira kumpanda. Pakati pa malata panali mpata, ndipo pa mpatapo panali diso. Kumpopi nako madzi anali atasiya kumveka, zidebe zitadzaza kalekale koma eni ake osanyamuka.

"Muziba komboni ino? Nikakamba mau ayo, bazaniitana bana Tonde mpaka kumanda."

"Zimenezo sizili m'manja mwa sukulu."

"Nilembereni chabe kuti nakamba."

"Simunakambe."

Bana Mainess anayang'ana nyemba. Nyemba zokhazokha, pa ukwati wa mwana woyamba. Anakumbukanso kamwa lija la ku Kabanana. Anakokera mpando wa alendo pafupi ndi Leftenanti, ngakhale munthuyo sanakhalepo, nang'ung'udza kanthu m'mano.

"Sindinamve, amayi. Lamulo likufuna mawu omveka."

"Nati ni wanga."

"Ndani?"

Anaimirira, anamanga chitenje mwamphamvu, nalankhula moti ndi a kumpopi omwe amve, poti chamanyazi ukachinong'ona chimakula.

"Ine, make wa Kadeti Tonde Mukupa, nifuna mwana wanga abwere ku nyumba."

Kuseri kwa malata munthu anatsamwa. Kumpopi chidebe chinagwa.

Leftenanti anamwetulira koyamba, mpaka makutu anasuntha. Anatulutsa pepala ndi kabokosi ka inki m'thumba la malaya.

"Mwanena nokha, amayi, ine sindinakuuzeni. Mawa m'mawa ndimubweretsa pa galimoto. Mungodinda chala apa, kuti iye atuluke, katundu wake wa m'sitolo abwerere ku boma."

Chala chinali chitalowa kale mu inki. Chinaima m'malere. Bana Mainess sanadindepo chinthu chimene wina wachitchula mothamanga kumapeto.

"Katundu bwanji?"

"Chakudya chake cha sabata ndi sabata."

"Si mwakamba kuti imadya maluwa?"

"Maluwa ndi udzu wa pa bwalo. Chakudya cha wophunzira iye sachifuna. Tinayesa, anangonunkhiza."

"Ni chakudya bwanji?"

"Chimene amalandira aliyense. Zitini za nyama ya ng'ombe. Mpunga. Shuga. Saladi, mafuta ophikira aja. Mkaka wa m'chitini, masamba a tiyi, sopo wochapira ndi wosambira. Mabulangete. Nsapato anapatsidwa mapeya awiri, malinga ndi miyendo."

Saladi. Bana Mainess anamaliza kuona saladi chaka chatha. M'sabata ya ukwatiyi anali ataima pa mzere wa sitolo ya boma kuyambira m'mawa mpaka miyendo kutupa, atamva kuti kwabwera shuga, ndipo anabwerako ndi makandulo awiri ndi polishi wa nsapato.

"Ivo vinthu manje vili kuti? Banadya basajeni."

Leftenanti anawongoka ngati amutukwana.

"Ndimasunga ndine, amayi. Kuyambira tsiku limene analembedwa sipanasowe ngakhale supuni ya shuga. Chipinda chimene anapatsidwa sagonamo, ndiye ndimaika mmenemo. Chitseko chayamba kuvuta kutseka."

"Kuchokera mvula ija."

"Inde."

"Angatenge ni ndani?"

"Mwini wake. Kapena kholo lake, malinga ngati mwanayo adakali wophunzira."

"Nikadinda apa?"

"Sakhalanso wophunzira. Zonse zibwerera ku boma."

Bana Mainess anayang'ana chala chawo. Anachipukuta pa chitenje pang'onopang'ono, mbali zonse, mpaka m'chikhadabo.

"Khalani pansi, ba Leftenanti. Mwaima maningi, mwana wa benangu. Mainess, bapase madzi ba Leftenanti, mu kapu ija ya maluwa."

"Amayi, inki iuma."

"Isiyeni iume. Nifunseko. Akapasiwa nyenyezi ija, chakudya chimachepa?"

"Chimachuluka. Ofesala amalandiranso batala ndi nkhuku. Ndi nyumba." Leftenanti anamva mawu ake omwe, nkhope inagwa. "Koma amayi, iye akutuluka mawa."

"Atuluka kuyenda kuti?"

"Kuno. Ku ukwati."

"Kuti achite chani?"

"Mwati malasha mwagula kale. Ndi anyezi."

"Imwe ba Leftenanti, muli na mtima bwanji? Mwana wa namba wani mu kalasi, sakumwa, sasuta, sadya chiphuphu, mufuna nimuchose pa sukulu nimuike mu poto?"

"Mwanena nokha kuti abwere kunyumba. Anthu amva."

"Bamva kuti ni mwana wanga. Ivo vinangu ninakamba na ukali. Kholo imakalipa, mawa yaiwala."

"Asebele anu anauzidwa za mbuzi."

"Basebele bazadya ng'ombe ya mu chitini na mpunga wa saladi, bazamwa tiyi ya mkaka, supuni iimirire mu shuga. Pobwerera aliyense sopo mu dzanja. Bakafunsa mbuzi, nizabauza kuti ili ku kosi. Ku Kabanana kuli nyumba ingati yamene ili na mwana ofesala?"

"Amayi, lupanga. Akuluakulu a ku unduna. Ine."

"Mumangirire mu nyanga, siizagwa."

"Bungwe likhoza kupeza njira ina Lolemba."

"Nizabwera ku msonkhano. Mwakamba kuti nkhani ya mwana wanga ikafika nituluke panja?"

"Inde."

"Nikatuluka, bungwe ikwana?"

Leftenanti anawerenga m'mutu, milomo ikugwedezeka.

"Silikwana."

"Ndiye nizatuluka na ulemu. Shuga ya tiyi nizabwera nayo, mubauze basadandaule."

Leftenanti anakhala pa mpando uja tsopano, osauona n'komwe. Kapu ya madzi inafika, anaigwira ndi manja awiri.

"Galimoto ya mawa mwakamba kale, musasinthe," anatero bana Mainess akutolanso lichero lawo. "Mwana mumusiye aphunzire. Mubwerese chabe katundu, na nsapato zonse, mkwati avala saizi iliyonse. Mukamuona mumuuze kuti amake bamupasa moni, asamvere vokamba banthu."

"Amayi, ndikupemphani. Tengani mbuzi yanu."

"Mbuzi iti? Sukulu yanu ilibe mbuzi."

Kuseri kwa nyumba yaikazi ija inalira, mawu aatali, okhuta. Leftenanti anatembenuka pang'onopang'ono.

"Uyo ni mlongosi wake," anatero bana Tonde, osadzutsa mutu pa nyemba. "Nzeru apambana uja. Chaka chamawa mumusungire malo, ndipo mulembe yatatu. Ali na pakati, ndipo amabala mapasa."